Kuboola ekizozi, kutsitsa silinda kapena kusema mabowo: chainsaw yogwirira ntchito imafuna njira iti?

Wocheka matabwa aliyense amafuna chinthu chimodzi kwa chainsaw yake: ikalowa m'chipika isafooke. Kulira mokweza ili m'malere kulibe phindu. Mphamvu yeniyeni imaoneka bar yonse, chitsulo chimene tcheni imazungulirapo, itamira mu paini wauwisi, utuchi ukuwaza, injini n'kumakokabe osagwa mawu.

Ku America, ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya kuli amisiri amene amadyera ntchito imeneyi, yotsegula injini za Stihl ndi Husqvarna n'kuzisema mkati kuti zizikoka kwambiri. Iwo amasiyanitsa mitundu iwiri: woods port, ya makina okagwira ntchito m'nkhalango tsiku lonse, ndi race port, ya mpikisano. Pa mpikisano wa Stihl Timbersports, umene unayamba mu 1985 ku United States, pali gawo la Hot Saw pomwe munthu amadula zidutswa 3 pa chipika cha masentimita 46 m'masekondi owerengeka. Injini yoteroyo ikalira mphindi ziwiri yaweruka. Ya ku Chikangawa, ya ku Dedza kapena ya pa phiri la Zomba imalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mawa lakenso chimodzimodzi, ndipo ikanoka ndiye kuti pakhomo pagona njala. Njira zonse zili m'munsimu ndaziyeza poganizira makina ogwirira ntchitowa.

Zomwe zili mkati

Injini ya chainsaw ilibe mavavu. Pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a m'khoma la silinda. Bowo lolowera limalandira petulo wosakanizika ndi mpweya kuchokera ku kabuleta n'kumulowetsa kunsi kwa pisitoni. Ma transfer amakweza msanganizowo kupita pamwamba. Bowo la utsi limatulutsa zomwe zapsa. Tayiming'i ya mabowo ndi nthawi imene lililonse limatseguka, ndipo imawerengedwa m'madigiri a kuzungulira kwa injini kuchokera pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni. Pa makina ambiri a pakati pa 50 ndi 90 cc, bowo la utsi limatseguka pafupi ndi madigiri 100 pisitoni ikutsika, ma transfer pafupi ndi 120, ndipo lolowera limatseguka pakati pa madigiri 70 ndi 80 pisitoni isanafike pamwamba. Madigiri pafupifupi 20 a pakati pa bowo la utsi ndi ma transfer amatchedwa blowdown, ndiko kamphindi komwe utsi wamoto umathawa mafuta atsopano asanakwere.

Nambala imodzi muigwire. Pa Husqvarna 372XP pisitoni imayenda mamilimita 36 kuchoka pamwamba kufika pansi, ndipo pamalo pomwe bowo la utsi limatsegukira, digiri imodzi ndi mamilimita 0.3 okha, kukhuthala kwa mapepala atatu a m'kope. Tupa ikangopitirira pang'ono, injini yasintha khalidwe.

Musanamasule bawuti

Pali njira imene ambiri sayiwerengera: kusakhudza injini n'komwe. Chainsaw zochuluka zimene eni ake amati zatha mphamvu, matenda ake amakhala pa tcheni. Mano akabuntha, kapena timitu ta kutsogolo kwa dzino lililonse tikatalika, makina amatulutsa fumbi m'malo mwa tizibenthu. Pa tcheni ya 3/8 timituto timayenera kutsika mamilimita 0.65 kuchokera pa msinkhu wa dzino. Wodula chopingasa amanola pa madigiri 25 mpaka 30, wocheka motsata mtengo kuti atulutse thabwa amanola pafupi ndi madigiri 10. Mukaonjezera sefa ya mpweya yotsekeka ndi maring'i a pisitoni otha, mupeza kuti mphamvu imene mukufuna kuigula ndi yanu kale, inangobisala.

Choopsa kwambiri ndi injini yoba mpweya pa ma seal kapena pa khosi la rabala la kabuleta. Yotero imalira mokoma masiku ake omaliza, kenako pisitoni imakanda khoma. Makaniko wodziwa amatseka mabowo onse, n'kupopera mpweya mpaka geji iwerenge 0.5 bar (bar apa ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), n'kuyang'ana ngati singano ya geji ikutsika. Injini yolephera mayeso amenewa isasinthidwe chilichonse mpaka itachira.

Kuboola ekizozi

Iyi ndi yotchipa kuposa zonse. Makampani amachepetsa potulukira utsi kuti akwaniritse malamulo a phokoso ndi utsi a ku America ndi ku Ulaya, choncho injini imabanika ndi utsi wake womwe, kutentha n'kumakhalira mkati. Mukakulitsa potulukira, kapena kuboola pachiwiri, imapuma bwino, imayankha msanga ndipo imazizirirako. Amisiri ambiri amatsata muyezo woti potulukira ponse pasapitirire magawo 70 mpaka 80 pa 100 a kukula kwa bowo la utsi la m'silinda. Kupyola apo mukungogula phokoso ndi kugontha. Phindu lake limakula pa makina atsopano opanikizidwa kwambiri. Pa akale monga Husqvarna 272XP kapena Stihl 070 kusintha kumakhala kochepa.

Ekizozi muziyimasula kaye musanaboole, ndipo muitsuke mpaka kachitsulo komaliza katuluke, chifukwa kakabwerera m'silinda kamalemba mzere pa pisitoni. Kabuleta iyeneranso kutchunidwa, popeza injini yopuma kwambiri imafuna mafuta ambiri. Ndipo kasefa kawaya kogwira nthethe za moto kabwezeretsedwe pa bowo lililonse latsopano. Pa ichi sindinyengerera. Nkhalango ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yapsa mokwanira, ndipo mu October masamba a paini ouma safuna moto wambiri.

Kutsitsa silinda pochotsa gasiketi

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi iyi. Pisitoni ikafika pamwamba sigunda denga la silinda. Pamatsala kampata kozungulira m'mbali, kotchedwa squish. Kampataka kakachepa, pisitoni imafinyira msanganizo pakati pomwe pali pulagi, moto umayaka msanga ndiponso mofanana, ndipo kompuresheni, ndiko kufinyika kwa msanganizo m'silinda, imakwera. Fakitale imasiya mpata waukulu, kawirikawiri pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1.1, chifukwa ikupanga masilinda zikwizikwi ndipo ikufuna onse alowe popanda kuyeza imodziimodzi. Inu muli ndi injini imodzi, mukhoza kuiyeza.

Kuyeza kwake sikulira zida zodula. Tengani waya wofewa wa solda, uja owotcherera mawayilesi, wokhuthala pafupifupi mamilimita 1.5. Mupinde ngati L, mulowetse pa bowo la pulagi mpaka nsonga ikhudze khoma, kumbali ya flywheel (gudumu limene chingwe cholizira chimazungulitsa) kapena ya kilatchi, osati kutsogolo kapena kumbuyo komwe pisitoni imapendekera. Zungulitsani flywheel ndi dzanja kuti pisitoni idutse pamwamba kamodzi, tulutsani waya, yezani pomwe waphwanyika ndi veniya, chida choyezera kukhuthala. Chitani mbali zonse ziwiri. Kenako yezani gasiketi ya kunsi kwa silinda, imene nthawi zambiri imakhala mamilimita 0.4 mpaka 0.5, n'kuchotsera. Mukapeza 1.0 ndipo gasiketi ndi 0.5, mutsala ndi 0.5, womwe ndi muyezo wabwino wa makina a 50 mpaka 75 cc. Akuluakulu a 90 cc kupita m'mwamba amafuna pafupi ndi 0.6. Koma mukapeza 0.7, kuchotsa gasiketi kukusiyirani 0.2, ndipo injini ikamazungulira maulendo 13,000 pa mphindi, zitsulo zitatentha n'kufutukuka, pisitoni idzamenya denga. Zikatero dulani gasiketi ina yopyapyala m'malo mochotseratu.

Pomwe panali gasiketi pamapakidwa guluu wosasungunuka ndi petulo, monga Loctite 518 kapena ThreeBond 1184, mopyapyala kwambiri, osatseka kanjira ka mpweya kopopa mafuta mu kabuleta. Silikoni wamba wa m'mawindo petulo amamudya, injini n'kuyamba kuba mpweya pamalo pomwe simungaone.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njirayi imasinthanso tayiming'i popanda tupa. Silinda ikatsika mamilimita 0.5, mabowo onse amatsika nayo. Bowo la utsi ndi ma transfer zimachedwa kutseguka ndi madigiri pafupifupi 2, kutanthauza kuti moto umakankha pisitoni nthawi yotalikirapo, pomwe lolowera limafulumira pang'ono. Zonsezi zimakomera munthu wofuna kukoka m'chipika. Geji ya kompuresheni imakwera ndi 10 mpaka 20 psi, muyezo umene gejiyo imawerengera. Ndipo mukapanda kukhutira, gasiketi yatsopano imabwezera zonse mmene zinalili. Kuipa kwake n'kumodzi: pa makina ang'onoang'ono monga Stihl MS 170, MS 180, MS 250 ndi MS 290 silinda ndi imene imagwira mabeyaring'i a injini, choncho palibe gasiketi yoti muchotse.

Kupita patali ndi kompuresheni

Wofuna zoposa apa amapita kwa wa lathe, makina osengera zitsulo. Amasenga kunsi kwa silinda, n'kusenganso denga lake m'mbali, kapena kusenga m'mbali mwa mutu wa pisitoni kuti pakati patsale kaphiri kolowa m'chipinda cha moto, komwe amati pop-up. Makina amene anatuluka ku fakitale ndi 150 psi amatha kufika 180 mpaka 200. Amakokadi, palibe wotsutsa. Koma chingwe cholizira chimaduka pafupipafupi, mabeyaring'i amasenza katundu wolemera, kutentha kumakwera, ndipo petulo akangokhala wokayikitsa injini imayamba kuphulitsa moto nthawi isanakwane, zomwe zimadya mphepete mwa pisitoni. Stihl imafuna petulo wosachepera 90 RON, muyezo wa mmene petulo amapiririra kufinyidwa, ngakhale pa injini yosasinthidwa. Amene amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, woti mwina wathiridwa parafini, kompuresheni ya 200 psi ndi msampha kwa iye.

Apa mtundu wa ntchito ndi umene ukulamula. Wogwetsa ndi kudula zipika amapanikiza injini masekondi 20 kapena 30, kenako imapuma. Wocheka matabwa amaipanikiza mphindi zingapo osalekeza, thabwa likatha n'kuyamba lina. Kwa wachiwiriyu mdani ndi kutentha, ndipo ine sindingamulangize kupyola pafupi ndi 170 psi.

Nambala za psi zimenezi ndi za kumalo otsika, ndipo izi zimasocheretsa anthu kumapiri. Ku Chikangawa, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, mpweya ndi wopepuka ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi ku nyanja yamchere. Injini yosonyeza 130 psi kumeneko ikhoza kusonyeza pafupi ndi 160 ku Nsanje, popanda chosinthidwa. Munthu asathamangire kugula maring'i kapena kusenga silinda chifukwa geji yamuopseza. N'zoona kuti makina okhalira kumapiri amapirira kompuresheni yokwererapo, koma tsiku lomwe atsikira ku Nkhata Bay kapena ku chigwa cha Shire amakumana ndi mpweya wochuluka, kompuresheni n'kukwera, mafuta n'kuchepa. Kabuleta yotchunidwa kumtunda iyenera kutsegulidwa pofika kumunsi, apo ayi pisitoni igwira.

Kusintha silinda yonse

Nthawi zina yankho lili pa shelefu ya masipeya. Husqvarna 365 yakale, ya silinda ya mamilimita 48, 65 cc ndi 3.4 kW, ili ndi thupi limodzi ndi 372XP ya mamilimita 50, 70.7 cc ndi 3.9 kW, choncho silinda ndi pisitoni ya 372XP zimakhala bwinobwino pa 365. Husqvarna 61 ndi 272XP nazonso ndi za banja limodzi. Pa 365 X-Torq, ya mtundu wa injini za Husqvarna zochepetsa utsi, nkhani ndi yosavutirapo: silinda ndi yofanana kukula ndi ya 372XP X-Torq, kusiyana kwake ndi timakoma ta mkati mwa zivindikiro za ma transfer, ndipo tikasengedwa makina amafika pa mphamvu ya mkulu wake. Imeneyi ndi mphamvu yomwe fakitale inaiyesa kale, ndipo ndimaikhulupirira kuposa ya tupa.

Masilinda otchipa olembedwa big bore ndi nkhani ina. Ma cc amachulukadi, koma mabowo ake nthawi zambiri amaumbidwa mosasamala, mpata wa squish n'kukhala waukulu, mwakuti silinda yeniyeni yaing'ono imawaposa. Mukagula yotero, iyezeni ndi solda musanailize.

Kusema mabowo

Apa ndi pomwe pali mbiri yonse, ndiponso pomwe masilinda ambiri amafera. Choyamba, kukulitsa bowo m'mbali ndi kulikweza ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ngakhale chida chake n'chimodzi.

Kukulitsa bowo la utsi m'mbali kumawonjezera njira ya utsi popanda kusintha nthawi yotsegukira, choncho simutaya kukoka. Malire ake ndi magawo pafupifupi 65 pa 100 a kukula kwa silinda, kutanthauza mamilimita 32 pa silinda ya 50. Malire ena amaikidwa ndi pisitoni: siketi yake, ndiko kunsi kwa thupi lake, iyenera kuphimbabe bowo ndi mamilimita osachepera 1.5 mbali zonse, ndipo nsonga za maring'i zisadutse pa bowo lililonse. Denga la bowo lisakhale lowongoka, likhale lopindika pang'ono, ndipo mphepete zonse zifewetsedwe ndi sandipepa, chifukwa ring'i imatuzukira m'bowo podutsa ndipo ikakodwa imathyoka. Khoma la silinda zabwino limakutidwa ndi Nikasil, chikuto cholimba koma chopyapyala chimene kampani ya Mahle inatulutsa mu 1967. Chida chikachikoka mochitukula pa khoma chimabenthuka, ndipo chikayamba kubenthuka sichileka.

Kukweza denga la bowo la utsi ndi kumene kumanyenga. Mukalichotsa pa madigiri 103 kulifikitsa pa 97, makina amalira mokweza modabwitsa, ndipo oonerera amagwedeza mitu. Koma mwafupikitsa nthawi imene moto umakankha pisitoni, mwatsitsa kompuresheni, ndipo mphamvu yasamukira kumwamba komwe tcheni yomira mu mtengo sifikako. Pa bar yaifupi ndi mtengo wofewa, wa mpikisano amapindula. Pa bar ya mainchi 24 mu bulugama, makina amafooka mukangotsamira. Ndipo chitsulo chimene mwachotsa sichibwerera. Pa makina ogwirira ntchito, denga la bowo la utsi likhale pakati pa 100 ndi 104. Ngati mwasenga kunsi kwa silinda kwambiri, kulikweza kuti libwerere pamenepo n'koyenera, koma kupyola ayi.

Bowo lolowera limawonjezeredwa nthawi potsitsa pansi pake kapena pofupikitsa siketi ya pisitoni mbali ya kabuleta. Kufupikitsa siketi ndi kwanzeru kwa woyamba kumene, chifukwa zikalakwika mwataya pisitoni, osati silinda. Mukapyola madigiri 80, injini imayamba kulavulira mafuta m'mbuyo, sefa imanyowa, ndipo makina amazengereza mukakanikiza throttle, kabatani kowonjezera liwiro.

Ma transfer ndiwo mtima wa injini. Pakamwa pake pa m'silinda panalozetsedwa mwadala kumbali ya bowo lolowera, kuti msanganizo watsopano ukwere ndi khoma, uzungulire kudenga, n'kukankhira utsi kunja. Kalozedwe kameneka kanachokera kwa katswiri wa ku Germany Adolf Schnürle. Mukasokoneza ngodya, kapena mbali imodzi ikamatseguka inzake isanatseguke, mafuta amangodutsa kutuluka osapsa: makina akumwa kwambiri, mphamvu yachepa. Pamafunika chida chosemera chokhota mutu ndi dzanja lozolowera. Kwa ambiri a ife n'kokwanira kusalaza pakamwa pa kunsi, kuchotsa zotsalira za chikombole, n'kusiya pamwamba mmene pali.

Wosema popanda gudumu la madigiri akungolota. Gudumulo mukhoza kulijambula pa katoni ndi madigiri 360, kulimanga pa flywheel, n'kupeza pamwamba penipeni ndi choimitsira pisitoni. Lembani madigiri a mitundu itatu yonse ya mabowo musanayambe, ndipo muziyezanso mukasema pang'ono paliponse. Pophunzira, gwiritsani ntchito silinda yakufa kapena ya makina a ku China aja otchedwa 5200, osati ya makina odyetsa ana. Dziwaninso kuti injini za X-Torq ndi zinzake za Stihl zotchedwa 2-MIX zili ndi njira zina za mpweya wokhawokha zodutsa m'mbali mwa pisitoni, choncho nambala za makina akale sizigwira ntchito pa izo mwachimbulimbuli.

Pali timachitidwe tiwiri tomwe timatchulidwa limodzi ndi zimenezi. Kupala kiyi ya flywheel ndi mamilimita 0.5 kumafulumizitsa moto wa pulagi ndi madigiri angapo. Pa makina ena kumathandiza, koma kukakumana ndi kompuresheni yokwera ndi petulo wofooka kumabweretsa kutentha, ndipo chingwe chimakubwezerani m'dzanja poliza. Wocheka matabwa akusiye. Kusintha sprocket, kagudumu koyendetsa tcheni, ya mano 7 n'kuika ya 8 kumathamangitsa tcheni ndi magawo 14 pa 100, koma kumafuna injini yokhala ndi mphamvu yotsala. Ndi mphotho ya ntchito imene yachitika kale, osati poyambira.

Nanga musankhe iti?

Mwini makina amodzi, amene sipeya amakaipeza ku Mzuzu kapena ku Lilongwe atataya masiku a ntchito, anole tcheni, ayeze ngati injini ikuba mpweya, aboole ekizozi mwa muyezo, n'kuchotsa gasiketi ngati solda walola. Pamenepo watenga gawo lalikulu la phindu ndi ndalama zochepa, ndipo palibe chimene wawononga. Wogwetsa mitengo amene ali ndi makina achiwiri komanso makaniko wokhala ndi gudumu la madigiri akhoza kuonjezera kukulitsa mabowo m'mbali ndi lathe pang'ono. Amene makina ake akali pa waranti adikire, chifukwa kusintha kulikonse kumaifafaniza. Ndipo amene akufuna kuti 60 cc igwire ntchito ya Stihl MS 660 ya 91.6 cc, tupa simufikitsako. Asunge ndalama agule yaikulu. Aliyense mwa awa aonetsetse kuti buleki ya tcheni ikugwira, chifukwa makina amphamvu akadumpha amadumpha mwamphamvunso.

Njira iliyonse imathera pa sikuluu ya H ya kabuleta, yolamulira kuchuluka kwa mafuta injini ikamathamanga kwambiri, kupatula pa makina a M-Tronic ndi AutoTune amene amadzitchuna okha. Injini itatentha, sefa ili yoyera, tcheni ili pamalo pake, kanikizani throttle yonse makina ali m'malere. Mawu ayenera kukhala okhakhala pang'ono, obwatabwata, kenako n'kuyera tcheni ikangoluma mtengo. Akakhala osalala ndi okwera ali m'malere, mafuta achepa, tsegulani H msanga. Husqvarna imalola 372XP kufika maulendo 13,500 pa mphindi, koma wocheka matabwa aisiye m'munsi mwa pamenepo ndi mazana angapo, popeza mafuta owonjezerawo ndi amene amaziziritsa pisitoni. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna H yotsegukirapo, komanso amaumitsa timapaipi ndi tizikopa ta mu kabuleta makina akakhalitsa ndi mafuta mkati. Pa kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo, fakitale imalemba 50:1, oyilo wa mamililita 100 pa malita 5 a petulo. Pa injini yosinthidwa ambiri amaika 40:1, mamililita 125 pa malita 5, wa two-stroke weniweni, osati wa galimoto. Mukasintha muyezo wa oyilo, tchunaninso kabuleta.

Mukatha matanki angapo oyamba, masulani ekizozi muyang'ane pisitoni kudzera pa bowo la utsi. Ikhale yonyowa ndi oyilo, yopanda mizere yotsika, maring'i akusuntha mukawakankha ndi kamtengo. Pulagi ikhale yofiirira. Ikatuwa, kapena mukaona timadontho ta aluminiyamu pansonga pake, bwezerani gasiketi ndipo mutsegule H musanadulenso chipika china.